Mafuta a Giya ndi Mapesi a Papaya

Galimoto yanga inayamba kukana giya yachiwiri mwezi womwewo umene tinaika mkazi wanga m'manda. Sindikunena kuti inkalira maliro, ayi. Inali nkhalamba chabe, takisi yoyera imene inatopa kale ndi maenje a mu komboni yathu ya George. Ndikati ndilowetse giya, inkakukuta mano ngati munthu wa malungo, okwera n'kumayang'anana. Ndinkadziwa bwino chimene inkapempha: mafuta a m'giyabokosi anali atatha ntchito kalekale. Koma masiku amenewo ndinalibe mtima wosamala chitsulo.

Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anali atangoyamba sukulu, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Maliro atatha, abale a mkazi wanga anakhala pansi, ndipo nkhani ya mwanayo sinatenge nthawi. Ine ndi malemu tonse ndife Achewa a ku Katete, ngakhale kuti ine ndinakulira mu Lusaka muno, ndipo kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mlamu wanga wamkulu, malume ake a mwanayo, analankhula mwaulemu ndithu, sindingamunamizire. Anati mwamuna amene amatuluka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa sangalere mtsikana yekha mu komboni. Anagwirizana kuti apongozi anga, amayi ake a malemu, atsale nafe mpaka sukulu itatsekera, kenako ine ndidzawaperekeze awiriwo kumudzi, mwana akakhale komweko.

Ndinawerama, ndinaomba m'manja, ndinavomera. Mumtima ndinkakana ndi mphamvu zanga zonse, koma apongozi anali atakhala pomwepo, kumbuyo kwa azimayi ena, ndipo mkamwini satsegula pakamwa kutsutsana ndi akuchikazi apongozi ake akumva.

Amene sadziwa za kwathu mwina angaseke. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhala pa mphasa imodzi, sapatsana chinthu m'manja. Si chidani, ndi ulemu, ndipo ife tinausunga zaka zonse za ukwati wanga. Ena amathetsa manyaziwa ndi nkhuku mwana akabadwa. Ife tinkangoti tidzachita chaka chamawa. Mkazi wanga ndiye anali lamya yathu. Ndikanena mawu, iye ankawanyamula kupita nawo kuseri kwa nyumba, n'kubwera ndi yankho. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti panjira ankachotsako zina n'kuthirako shuga, chifukwa mayankho ake ankakoma kuposa mafunso anga.

Tsopano tangoganizani ulemu umenewo m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ya khomo limodzi. Apongozi akafuna kutuluka ankatsokomola, ine n'kulowa kuchipinda. Ine ndikafika madzulo ndinkakokera nsapato pakhonde mwadala, iwo n'kutembenukira kukhoma. Tinkazembana ngati anthu amene anabera limodzi nkhuku ya mwini. Ntchito ya lamya inatsalira mwana.

"Badadi, ba mbuya bakamba ati manzi yapya," ankatero madzi akatentha, ataima pakati pathu, pamene apongoziwo anali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo.

"Ubauze ati zikomo maningi."

Iye ankatembenuka bwinobwino, n'kukapereka zikomoyo kwa munthu amene anali ataimva kale. Ntchitoyi ankanyada nayo kwambiri. Koma pali mawu ena amene sungatume mwana. Sindikanamuuza kuti, pita ukawauze ambuya ako kuti atate ako sakufuna kuti uchoke. Choncho masabata anapita, mawuwo ali pakhosi panga, ndipo m'mawa uliwonse ndikamutula pageti pa sukulu ndinkakhala kaye m'galimoto kumuyang'ana mpaka atalowa, oyendetsa mabasi akundiimbira hutala kumbuyo.

Sukulu inkatsekera Lachisanu, ulendo unali wa Loweruka. Msewu wa kummawa uli ndi mapiri amene safuna galimoto yodwala, makamaka cha ku Luangwa. Ganizo loti ndingoisiya giyabokosiyo ifere panjira, ulendo ulephereke, linandifikira ndithu. Koma nditaona m'maganizo nkhalamba ndi mwana atakhala pambali pa msewu m'thengo, dzuwa likuwawotcha, ndinalitaya. Lachisanu m'mawa, nditamutula mwana, ndinagula mafuta a giya, n'kubwerera kunyumba kudzakonza galimoto yoti ikandilande mwana wanga.

Ntchitoyi payokha si yovuta. Giyabokosi ya galimoto yanga ili ndi mabauti awiri. Lapansi ukamasula, mafuta akale amatuluka. Lam'mbali ndilo lothirira atsopano, ndipo amene anaika bowo limenelo pamalo pamenepo ndikanakonda nditakumana naye tikambirane. Lili pansi pa galimoto, pakati pa zitsulo, poti botolo silingalowe, ndipo ngakhale litalowa sungalipendeke. Kumagalaji amagwiritsa ntchito pampu. Ine ndinali ndi paipi yanga yaitali, yowonda, imene ndinkaitsitsa kuchokera pamwamba, boneti itatsegulidwa, mpaka kukafika pabowopo. Wina amathira pamwamba, wina amagona pansi kugwira paipi ndi kudikira. Mafuta akayamba kubwerera pabowo, ndiye kuti yadzaza, wapansi amauza wapamwamba kuti aleke. Wothira wanga anali mkazi wanga, ndipo sanathirepo mwakachetechete ngakhale kamodzi.

"Imwe, kambani ngati yazula, manja yababa," ankatero, kufunsa ngati yadzaza poti manja akuwawa, ine ndisanagone n'komwe bwinobwino.

Tsiku limenelo ndinakweza galimoto pa jeke, ndinaika miyala, ndinayala katoni, n'kumasula bauti lapansi. Mafuta anatuluka akuda bii, akununkha ngati mazira owola. Nditatseka, ndinalowa m'nyumba kukatenga paipi pamsomali pamene inkakhala. Msomali unalipo, paipi kunalibe. Ndinafufuza pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, m'buti ya galimoto. Kenako ndinakumbukira kuti pa maliro azimayi ophika ankapopera madzi m'madiramu obwereka ndi paipi inayake yowonda. Madiramu atabwerera kwa eni ake, paipi inawatsatira. Pa maliro zinthu zimamera miyendo, ndipo sungayende khomo ndi khomo kufunsa anthu amene anakulirira.

Mutu unaima. Munthu wanzeru amayamba waona zida zake asanakhuthule giyabokosi, koma ine nzeru zinali zitanditaya mwezi umenewo. Galimoto inali pamiyala, m'mimba mulibe kanthu, yosati n'kuyenda ngakhale kukafika pamsewu. Mnansi wanga, mkulu wina wa Chisilamu wochokera ku Malawi amene amakhoma mbaula ndi zidebe, akanandipangira chinthu ndi chitini, koma linali Lachisanu, anali atatseka kale n'kupita kukakonzekera mapemphero. Ndinayenda wapansi mpaka pa kantemba, kasitolo ka zitsulo, pafupi ndi pomwe timatunga madzi. Mwini wake anandionetsa paipi yothirira dimba, yonenepa ngati mzimbe.

"Ba dalaiva, iyi ndiye ilipo chabe. Ing'ono inasila kudala. Yesani mu tauni, olo ku Matero."

Ndinabwerera manja lende. Anyamata okhala pamphambano akanandithandiza kufunafuna, koma ndinali nditatopa ndi nkhope za chisoni ndi mawu oti pepani. Ndinaganiza zochita ndekha. M'bokosi la masipanala ndinapeza kachidutswa ka paipi ya mphira, kotalika ngati chala. Ndinaboola chitsekero cha botolo la pulasitiki, ndinalowetsamo kachidutswako, ndinathiramo mafuta, n'kukwawira pansi pa galimoto kuti ndizifinya botolo mafuta azikwera okha.

Mafuta a giya ndi olemera ngati uchi, sakwera chifukwa choti munthu wawapempha. Ndinafinya ndi dzanja limodzi, ndinafinya ndi awiri, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kenako chitsekero chinafwamphuka, mafuta onse n'kunditsikira m'khwapa ndi pachibwano. Ndinatukwana. Ndinatukwana galimoto, ndinatukwana amene anaipanga, ndinatukwana ndi madiramu omwe, m'Chinyanja cha pa siteshoni chimene sindingachilembe pano. Ndili pakati pa kutukwanako ndinakumbukira kuti apongozi ali kuseri kwa nyumba, akuchapa zovala za mwana zoti alongedze.

Ndinalakalaka miyala ija itagumuka galimoto indibise. Ndiye ndinaona mapazi. Anabwera pang'onopang'ono n'kuima pafupi ndi tayala lakutsogolo. Anali mapazi a munthu wolima, ong'aluka zidendene, koma anavala mapatapata obiriwira a mkazi wanga, amene ankakhala pakhomo chimwalirireni. Nditawaona ndinaiwala manyazi a kutukwana kuja. Kwa kanthawi kochepa kwambiri ndinaganiza kuti mkazi wangayo wabwera kudzathira.

Apongozi anatsokomola. Ine ndinatsokomolanso, posowa china chochita. Mwana kunalibe woti anyamule mawu. Tinakhala choncho, iwo ataima, ine nditagona chagada miyendo ili panja, zimene mwa izo zokha ndi zosayenera pamaso pa apongozi. Kenako analankhula, osati kwa ine, koma ngati akuuza nkhuku za pabwalo.

"Kaya pamenepa pakufunika chinthu cha bowo m'kati, chachitali?"

Ine ndinayankha giyabokosi. "Chachitali ndithu, chowonda ngati chala, chochokera pamwamba mpaka pansi pano."

Mapazi aja anachoka. Ndinawamva akuodira pakhomo pa mnansi wanga, akulankhula ndi mayi wa pamenepo. Pabwalo pawo pali mtengo wa papaya umene unamera pafupi ndi bafa. Nditatuluka pansi pa galimoto kudzipukuta, ndinaona apongozi akubwera atanyamula masamba a papaya ndi mapesi ake omwe, aataliatali. Ndinazungulira mbali ina ya galimoto, monga mwa chizolowezi, n'kumawaonera pa galasi.

Sanafulumire. Anadula masamba n'kutaya, anadula ndi kumatsinde komwe, natsala ndi mapesi okhaokha. Phesi la tsamba la papaya lili ndi bowo kuchokera uku mpaka uko. Tili ana tinkapanga nalo zitoliro, koma ine ndinali nditaiwala kalekale kuti mtengo ungakhale ndi ntchito ina kupatula kudya zipatso zake. Anatsuka utomoni, anauzira phesi lililonse kuti amve ngati mpweya ukudutsa, nawayanika padenga la galimoto. Atauma madzi, analowetsa kowonda kwa lina m'konenepa kwa linzake, namanga polumikizirapo ndi malegeni amene anamasula pa mtolo wa makala.

"Kwathu timamwetsera mankhwala ana a ng'ombe," anauza beseni.

Ndinali ndi nkhawa kuti tizinyalala ta phesi tingalowe m'giyabokosi, koma nditasuzumira m'kati, iwo atalisiya pansi n'kubwerera m'mbuyo, ndinaona kuwala kwa dzuwa kutsidya, moyera bwino. Ndinadula botolo lina pakati kuti likhale fanelo, ndinamangirira kukamwa kwake pamwamba pa phesi. Kumunsi ndinavekako kachidutswa ka mphira kaja kuti kazipindika polowa pabowo. Chida chathu chinaoneka ngati chinthu chimene ana apanga posewera, chobiriwira, chokhota, chomangidwa mabandeji akuda. Ndikanakhala ndi mtima woseka ndikanaseka. Ndinachiika pansi, iwo anachitola. Sitinapatsane m'manja.

Pamene ndinkamanga fanelo, iwo anali atateleka madzi pa mbaula. Anawathira m'beseni, naimikamo mabotolo a mafuta amene anatsala. Anati mafuta a nsatsi nawonso akazizira amachita ulesi, amafuna kuwafunditsa. Izinso anauza beseni lomwelo.

Ndinakwawiranso pansi. Apongozi anaima kutsogolo kwa galimoto, boneti ili yotsegula, nayamba kutsitsa phesi pakati pa injini ndi mawaya. Linkagunda apa, n'kugunda apo. Iwo sankaona kumene likupita, ine ndinkaona. Panalibe njira ina.

"Tsitsani pang'ono, amayi," ndinatero. "Kumanzere. Kumanzere kwanu. Eya, pomwepo."

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinalankhula kwa apongozi anga mwachindunji chikwatirire mwana wawo. Chinyanja changa cha m'tauni ndinachibisa, ndinafukula Chichewa cha kumudzi chimene ndinkachimva kwa amayi anga. Palibe chinagwa kumwamba. Phesi linatsika, ndinaligwira, ndinalowetsa mphira pabowo.

"Ndithire?" anafunsa. Tsopano sankafunsanso nkhuku.

"Thirani, amayi. Pang'onopang'ono."

Phesi linayamba kufunda m'dzanja langa, ndinadziwa kuti mafuta akutsika. Koma ngakhale ofunditsidwa, m'bowo laling'ono chotero ankayenda ngati akukakamizidwa. Fanelo ikadzaza, ankayenera kudikira kuti itsike, n'kuthiranso. Inali ntchito ya nthawi yaitali, ndipo palibe mmodzi wa ife akanatha kuchokapo. Iwo akasiya, fanelo igwa. Ine ndikasiya, mphira ituluka. Pakati pathu panali injini yathunthu, iwo osandiona nkhope, ine ndikuona mapazi okha.

"Malemu ndiye ankathira?" anafunsa patapita kanthawi.

"Inde, amayi."

"Ankathira bwino?"

"Ankathira mothamanga, n'kumandinena kuti ine ndi amene ndikuchedwetsa."

Ndinamva kaphokoso kamene sindinakamvepo kwa iwo. Ankaseka, chapansipansi, fanelo mpaka kugwedezeka.

"Ndi mmene anabadwira. Kuchitsime sankadikira kuti ndowa idzaze. Ankabwera nayo ya theka, akuti madzi akuchedwa. Ndinamukalipira mpaka ndinatopa."

Nanenso ndinaseka, kuseka kwanga koyamba chichokereni kumanda. Anandiuza zina zambiri za mwana wawo zimene sindinkazidziwa: kuti ankaopa atsekwe, kuti anathawapo kusukulu kutsatira galimoto yogula thonje chifukwa ankafuna kuona kumene msewu ukuthera. Ine ndinawauza mmene ankakanganira ndi ogulitsa tomato pamsika, n'kubwerako atapalana nawo ubwenzi. Tinali anthu awiri amene tinamudziwa bwino kuposa wina aliyense, ndipo zaka zonsezo tinali tisanakhalepo pansi kumukamba. Botolo loyamba linatha, anatsegula lachiwiri.

Kenako kuseka kunatha kokha, kunangotsala kulira kwa wailesi ya kunyumba ina ndi mawu a mayi wogulitsa chikanda akudutsa mumsewu.

"Dzulo mwana anandifunsa," anatero apongozi. "Akuti kumudziko atate ake azikagona chipinda chiti. Ndinasowa chomuyankha."

Anadzazanso fanelo, kenako anapitiriza.

"Tsiku lija la nkhani, anthu onse analankhula. Inu munangowerama n'kuomba m'manja. Ine ndinati, kapena bamboyu wapepukidwa. Mwamuna akadali wamng'ono, adzafuna kukwatiranso, mwana angamulemere. Masiku onsewa ndakhala ndikudikira kuti mwina mutuma mawu. Simunatume."

Zinandipweteka kwambiri. Ulemu umene ndinkausunga ndi mano onse, iwo ankauwerenga ngati kusafuna mwana. Ndinapsa mtima pang'ono, osati ndi iwo, koma ndi masabata onse amene tinatha tikutsokomolerana.

"Amayi, ndikanayankha bwanji pamaso panu? Ndikanatuma ndani?"

"Pano simukundiona," anatero. "Nenani."

Ndinanena. Ndinanena nditagona chagada pa katoni yonyowa ndi mafuta, maso ali pa chitsulo chakuda, misozi ikutsikira m'makutu chifukwa munthu wogona chagada misozi yake ilibe kwina kopita. Ndinati sindikufuna kuti apite. Ndinati ndikakamusiya mawa, ndidzabwerera m'nyumba muno kudzatani, kudzalankhula ndi ndani. Ndinati tsitsi lake sindidziwa kuluka, kuphika ndimadziwa zinthu ziwiri zokha, koma ndiphunzira, ndipo galimoto ndiziimika dzuwa lisanalowe ngakhale tizidya ndiwo zamasamba. Ndinati ndikudziwa kuti mwambo uli kumbali yawo, sindikulimbana nawo, ndikungopempha. Ndinalankhula zambiri, zina zosalongosoka, ndipo iwo sanandidule. Ankangothira.

Chimene chinandidula ndi mafuta. Anayamba kubwerera pabowo, kuyenderera pa dzanja langa mpaka m'chigongono, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti akhala akutero kwa kanthawi.

"Basi, amayi. Yadzaza."

Analeka. Phesi linakwera pang'onopang'ono n'kuzimiririka pamwamba. Ndinabwezera bauti, ndinalimanga, ndinapukuta, ndikuchedwa dala kuti mwina anena kanthu. Mapazi aja anatembenuka n'kupita. Nditatuluka pansi pa galimoto, chida chathu chinali chitatsamira khoma, iwo ali kuseri akuyanika zovala. Nditadutsa kukasamba, anatembenukira kumbali monga kale.

Masana ndinakatenga mwana kusukulu. Giya yachiwiri inalowa mosavuta, yachitatu chimodzimodzi, ndipo ndinadana nayo galimotoyo chifukwa chochira msanga. Madzulo apongozi analongedza zikwama ziwiri, chawo ndi cha mwana. Ndinaziona zili pakhomo, ndinati basi, ndinalankhula ndi chitsulo.

Tinanyamuka m'mawa. Iwo anakhala kumbuyo kwa mpando wanga, poti maso athu asakumane pa galasi, mwana pambali pawo. Mwanayo anaimba, anawerenga mbuzi, anafunsa dzina la phiri lililonse, kenako anagona pamiyendo pa ambuya ake. Mapiri a ku Luangwa tinakwera popanda vuto. Ine ndinkangoyang'ana msewu, ndikuyesa kuloweza kapumidwe ka mwana wogona kumbuyo kwanga.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Anthu anatuluka, kunali kulira pang'ono monga zimakhalira olira maliro akabwerera kwawo. Mlamu wanga anabwera kudzandipatsa moni. Ndinatsegula buti, ndinatsitsa chikwama cha apongozi, n'kugwira cha mwana. Pamenepo apongozi anamuitana mdzukulu wawo, namunong'oneza. Iye anabwera akuthamanga, ali ndi nkhope yake ya ntchito.

"Badadi, ba mbuya bakamba ati chola changa musachose. Ati muchose chabe vovala va mailo."

Ankanena kuti chikwama cha mwanacho chisatsike m'galimoto, nditulutsemo zovala za mawa zokha. Mlamu wanga anamva, anatembenukira kwa amayi ake.

"Amayi, nanga si tinapangana?"

Apongozi anali atakhala kale pakhonde pawo, akumasula mpango. Sanakweze mawu, ndipo sanayang'ane kwa ine.

"Munapangana ndinu. Ine mwana wanga ananditengera ndi Mulungu, ndilibe koti ndikadandaule. Ndikudziwa mmene nyumba imakhalira mwana wamkazi akachokamo. Awa wawo ali moyo. Ndiye ndiwalande ndine?"

Mlamu wanga anayamba kunena za mwambo, za anthu, za mmene komboni ilili. Iwo anamusiya amalize, kenako anati mwana azibwera sukulu ikatsekera, ndipo akadzakula n'kufuna malangizo a azimayi, adzamutenga okha. Nkhani inathera pomwepo. Ine ndinagwada pamene ndinaimapo, pafupi ndi buti, ndinaomba m'manja nthawi yaitali.

Sindinganame kuti zotsatira zake zinali zophweka. Miyezi yoyamba mwana wanga ankapita kusukulu ndi tsitsi limene linkaimitsa azimayi panjira, mpaka mkazi wa mnansi wanga uja anandimvera chisoni n'kundikhazika pansi kundiphunzitsa. Ndi iyeyo amene ankamusunga masana akaweruka. Mwanayo pano ndi wamtali kundiposa, ndipo amandiseka ndikamuuza kuti ndinkamuluka.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi m'mawa wa tsiku limene tinachoka kumudziko. Ine ndinagona kwa mlamu wanga, mwana anagona ndi ambuya ake. Nditapita kukamutenga, ndinaodira patali, chitseko chinali chotsegula. M'kati, pambali pa mphasa yakale ya apongozi, panali kamphasa kena katsopano, kakang'ono, bango lake likadali loyera, ndi bulangeti latsopano lopindidwa kumutu. Mlamu wanga anandiuza chapansipansi kuti amayi anatumiza mawu ali ku Lusaka, maliro atangotha, kuti awalukire kamphasa ka mdzukulu, ndipo anafunsa kangapo ngati katha. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chimene anandipatsa. Nawonso ankabwerera m'nyumba yopanda munthu, ndipo mwanayo ndi amene ankayembekeza kuti adzawatseka pamtima.

Anatiperekeza mpaka pagalimoto, akuyenda kumbuyo kwathu. Anamupukuta mdzukulu wawo kumaso ndi nsonga ya chitenje, ngakhale kuti kunalibe chopukuta.

"Uwauze atate ako ayende bwino," anatero. "Asathamange."

Mwana anandiuza, ine ndinamutuma zikomo, iye anakapereka. Ndinaliza galimoto. Pokhota kuti tilowe mumsewu tinadutsanso pakhomo pawo. Iwo anali atalowa kale m'nyumba, atakhala pansi pafupi ndi kamphasa kaja, ndipo anali asanakapinde.